Matailosi a Chidole Ali Pansi pa Matiresi

Mlamu wanga, namwino wa ku Chipata, anatumizira mwana wanga Tiwonge kanyumba ka zidole, kamatabwa kolumikiza wekha. M'katonimo munalinso mapepala awiri omata: lamaluwa la kukhoma, ndi lonyezimira ngati matailosi la pansi.

Tiwonge ali kusukulu, ndinatulutsa lamatailosilo n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Ine kuno ku Kambombo ndazira nyumba yanga ndi dothi zaka khumi, mpaka maondo anada bii. Bambo ake a Tiwonge amalonjeza simenti chaka chilichonse tikakolola chimanga. Ndiye kachidole kosadziwa ngakhale khasu kangofika lero n'kuponda matailosi?

Pepalalo ndinalibisa pansi pa matiresi. Lamaluwa ndinamata bwinobwino, koma pansi ndinazira dothi lakuda la kudambo ndi chala chimodzi, n'kusalaza ndi kamwala.

Mwana atabwera anandionetsa chithunzi cha pakatoni. "Amama, manje matailosi awa ali kuti?"

"Anaiwala kuikamo kusitolo," ndinayankha osaphethira n'komwe.

Iye anakauza azakhali ake a ku Chipata aja pafoni, ndipo iwo anapita kukakalipira wogulitsa wosalakwa, anthu akuona. Apo pokha ndi pamene ndimachita manyazi ndikakumbukira.

Koma pepalalo sinditulutsa, ndanena. Chidole chikhale mmene tikukhalira eni nyumba. Simenti ikadzabwera, nacho chidzaponda matailosi ake. Pakadali pano, Loweruka lililonse ine ndimazira kwanga, Tiwonge amazira kwa chidole, ndipo kwa chidoleko n'kumene kumasalala kuposa kwanga.