Waya wa ku galaja

Fungo la pulasitiki wopserera limandibwezera ku Kanyama, chilimwe chimene bambo anakoka waya wa magetsi kuchokera m'nyumba kupita ku galaja. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Galimoto tinalibe. M'galajamo ndi momwe bambo ankawotcherera mageti ndi mbaula, ndipo chitseko chake chinali chachitsulo, chokwezera m'mwamba, cholemera ngati thumba la simenti. Zaka zonse ankachikweza ndi dzanja limodzi, lina litagwira kapu ya tiyi.

Ndiye tsiku lina anabwera ndi mota yakale yokwezera chitseko m'saka. Anaboola khoma pafupi ndi bokosi la magetsi, nakumba kangalande pabwalo, nalowetsa waya m'paipi. Ntchito ya tsiku limodzi inawatengera sabata yathunthu, osalola munthu kuwathandiza. Itatha, akadina batani chitseko chinkakwera chokha chikulira, ana a m'komboni n'kumaomba m'manja.

Amayi sanaombe nawo. Munthu wowongola misomali yakale kuti asagule yatsopano, zamanyadozi anaziyamba liti? Bambo anali atasiyanso kudya nafe, ankati tiziwapititsira mbale komweko, n'kutsitsa chitseko. Azimayi a pampopi anasonkhezera moto, ati mwamuna akayamba kudzitsekera ndiye kuti pali wina. Amayi anayamba kunena zobwerera kwawo ku Chipata.

"Uzibayang'ana batate bako," anandiuza. "Vonse vamene uzaona, uniuze."

Ukazitapewo ndinaukonda, sindinama. Ndinkasuzumira pabowo la khoma, fumbi likundilowa m'mphuno, kudikira mkazi wa milomo yofiira. Sanabwere. Ndinangoona bambo akudya ndi dzanja lamanzere, iwo omwe ankatimenya kachala tikatero, ati Msilamu sadyera manzere. Ndinachita mantha, ndipo sindinakawanenere kwa amayi.

Lachisanu lina pochokera ku mzikiti bambo anapeza magetsi atazima, kasitomala akudikira geti lake panja. Anadina batani kawiri, zii. Anamasula mota ndi kiyi wake, nawerama kuti akweze ndi manja. Lamanzere linagwira. Lamanja linangoterereka pachitsulo, zala zosapindika. Chitseko chinakwera pang'ono n'kugwa.

Amayi anali pakhomo ndi beseni la zovala. Anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali. Kenako anaika beseni pansi, namangitsa chitenje, nakagwira mbali inayo.

"Yayamba liti?" anafunsa motsitsa mawu, kuti kasitomala asamve.

"Nthawi ya mphepo," bambo anayankha, maso ali pansi.

Za ku Chipata sizinamvekenso. Ine ndinkayesa kuti chinsinsi cha bambo chinali kudyera manzere, n'kumadzitama mumtima kuti ndawasungira. Lero ndikudziwa kuti wowotcherera wa dzanja limodzi palibe amamupatsa geti, ndipo kuti waya uja anaukwirira ndi dzanja limene linawatsalira kuti ife tizidyabe. Tonse tinkafufuza amene wabisidwa kuseri kwa chitseko. Panalibe anafunsa chimene bambo analekera kuchikweza okha.