Masokosi a Mkulu wa Kabaza

Pa siteji ya kabaza pa Kamwendo pali bambo wina waimvi amene amavala masokosi ofika m'mawondo ngakhale dzuwa la Okutobala litaswa mtengo. Si fasho ayi. Amabisa mitsempha yotupa imene inapotana m'miyendo mwawo ngati chingwe chomangira mbuzi. Mukawafunsa amangoti, "Ndi mapu a misewu imene ndapalasa."

Chaka chatha mwendo wamanzere unatuluka chilonda chosapola. Anatemera mphini, osathandiza. Kuchipatala dokotala anawayalira njira ziwiri: jekeseni woumitsa mtsemphawo, koma ukhoza kudzatupanso, kapena opaleshoni youmanga n'kuusolola wonse.

"Sololani," anatero mkuluyo. "Kaufiti sitidula, timazula."

Vuto linali lakuti atawachita opaleshoniyo, dokotala anawaletsa kupalasa kwa mwezi wathunthu. Anangowauza kuti aziyenda pansi tsiku lililonse, ndipo akakhala, mwendo uzikhala m'mwamba. Tsono pa siteji lamulo n'lakuti njinga ikasowa sabata imodzi, malo ake amatenga wina, ndipo malo a mkuluyu ndi apansi pa mango, pamene minibasi zimatsitsira anthu.

Patangotha masiku asanu chichitireni opaleshoni, tinangoona mkuluyo akutulukira, bandeji mpaka m'ntchafu, akukankha njinga pang'onopang'ono. Anapeza Maliko, mnzawo wa kabaza, ataimika kale yake pamthunzipo.

"Madala, dokotala simunamumve kodi?" anafunsa Maliko.

Mkuluyo anakhala pa benchi, n'kusanjika mwendo pa keriyala.

"Ndinamva bwino. Anati ndiziyenda, ndayenda. Anati mwendo m'mwamba, suwu? Wodwala ndine, achimwene, njingayi ili bwinobwino. Sunthani yanuyo."