Moto Umene Osborne Anabisa

Kumpingo wa Amalawi ku Erdington, ku England, ntchito ya aliyense imatha ndi mawu amodzi: uyu ndi nesi, uyo amasamalira okalamba, winayo amayendetsa basi. Ya Osborne Kachingwe yokha ndiyo imafuna kuti uyambe wapeza mpando. Ukamufunsa, amayamba wakonza kolala, kenako n'kukupempha foni yako ndi kuloza kanambala ka pakona kaja, kamene kamati 63 kapena 12. Kameneko, akutero, ndiko ntchito yake.

Ndipo sanama. Batire lilibe zenera. Palibe amene anasuzumiramo n'kuona kuti moto walekeza apa, monga timaonera mafuta m'botolo. M'fonimo mumakhala kapulogalamu kotchedwa driver, kamene kamayeza mphamvu ya batire, kuwerenga moto wolowa ndi wotuluka, kuona kutentha kwake ndi ukalamba wake, kenako n'kulosera. Kulosera basi. Osborne mawu amenewa amadana nawo, iye amati estimation. Mkazi wake Esnath, nesi wolankhula zinthu mmene zilili, amati ndi kuwombeza kovala tayi.

Munthuyu anabadwira ku Balaka, mwana woyamba wa kalipentala. Ku England anabwera motsatira ntchito ya mkazi wake, nkhani imene amaidumpha akamafotokoza mbiri yake. Ananyamulapo makatoni m'nyumba zosungira katundu uku akuphunzira, mpaka anapeza malo pa kampani ina yaing'ono ku Nuneaton, yopanga mafoni olimba a anthu operekera katundu ndi oyendera odwala m'makomo. Apa pokha tisamunyoze, anavutikira.

Kutchuka kwake kunabwera ndi chisanu. Batire likazizidwa limafooka, ndiye mafoni a kampaniyo ankazima ali pa 20, mwini wake ali pakhomo la wodwala ku Wolverhampton, zala zili gwa. Madandaulo anachuluka. Osborne anakanda mutu ndipo anatulukira nzeru: foni izinama. Nambala izitsika msanga, izifika pa 5 moto ukadalimo wambiri, kuti munthu achite mantha athamangire kukatchaja. Kaya kunja kukutentha kaya ayi, driver yake inkaganiza kuti mwini foni atuluka posachedwa kukalowa m'chisanu cha Januwale. Moto wobisikawo anautcha reserve.

Madandaulo anatheratu. Bwana wa kampaniyo anamugwira chanza pamaso pa onse, ndipo kuyambira tsikulo mpingo wa ku Erdington sunapumenso. Pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero, pa ukwati, ngakhale pa mzere wotenga mpunga, Osborne anali pomwepo ndi reserve yake.

"Munthu sumuuza zoona zonse," ankatero. "Umamuuza zomwe zingamuthandize. That's engineering."

"Bambo a Tiffany, mpunga ukuzizira," ankayankha Esnath.

Foni imodzi yotere anaitumiza kumudzi kwa mlongo wake Deliwe, amene ankasamalira bambo awo. Anatumiza ndi malangizo ambiri: asaigwetse, asabwereke ana, asaike m'thumba limodzi ndi makiyi. Za reserve zokha sananene. Anaona kuti kumufotokozera Deliwe zinthu zakuya chonchi kukanakhala kutaya mawu.

Chimene katswiriyu anaiwala n'chimene iye mwini anakula nacho. Ku Erdington foni ikafika pa 5, munthu amangotambasula dzanja, soketi ili kuseri kwa sofa, ina m'basi, ina m'sitima. Kwao kwa Deliwe foni imatchajidwa kwa ometa tsitsi pa tauni, ulendo wa njinga, ndiponso magetsi akakhalapo. Kumeneko foni ikafika pa 5 saithamangitsira kulikonse. Amaizimitsa, n'kuimanga pa nsonga ya chitenje, kusungira kamoto kotsalako nkhani yofunika. Osborne ali mnyamata ankachita zomwezo ndi tochi, kuchotsamo mabatire masana. Koma digiri ikalowa m'mutu, zina zimayenera kutuluka kuti ipeze malo.

Bambo ake anamwalira mu Okutobala, Balaka ikuwotcha ngati chiwaya. Kutentha kumeneko maliro sadikira ndege, achibale anagwirizana zoika mawa lake. Osborne analira ngati mwana, ndipo pano palibe choseketsa. Anali asanawaone bambo akewo kwa zaka zambiri, chaka chilichonse ankati chaka chamawa. Chinamutsalira chinali chimodzi chokha: kuona ndi maso ake bokosi likutsikira m'manda, ndi kunena mawu ake otsanzika, Deliwe atagwirizira foni pamphepete pa dzenje. Anagona akuyeseza mawuwo.

M'mawa anthu a mpingo anadzaza nyumba monga mwa mwambo wawo, azimayi pansi pa kapeti atavala zitenje pamwamba pa mathalauza, azibambo m'mipando ndi pa masitepe. Osborne analumikiza foni yake ku TV. Ngakhale ali ndi maso ofiira, sanalephere kutchula kuti foni imene ikujambula ku Balaka ndi ya manja ake.

"Singatikhumudwitse," anatero. "Imeneyo ndimaidziwa mkati ndi kunja."

Chithunzi chinabwera bwinobwino. Anaona bwalo la kwao, mtengo wa bwemba, amayi a chigwirizano atazinga bokosi. Kwaya ya pamaliropo itayamba nyimbo, a Lackson, mkulu wa mpingo wa ku Erdington amene anapatsidwa mawu aakulu koma osapatsidwa khutu, anaitsatira ndi mphamvu zonse, ena onse n'kulowamo. Tsoka lake, mawu a ku Erdington ankafika ku Balaka mochedwa. Kwaya ikamaliza ndime, foni ya Deliwe inali ikadali pakati, ndipo abusa atayamba kupemphera a Lackson anali akukokabe "Amen" wawo. Anthu pamaliropo anayamba kucheuka. Deliwe, mwa ulemu wake, anatsitsiratu mawu a foni mpaka zii. Ku Erdington palibe anadziwa, anapitiriza kuimbira TV.

Kenako zolankhula. Anayankhula a kubanja, a kuchikazi, a kumpingo, ndi mkulu wina amene anayamba ndi kunena kuti sachulutsa, chizindikiro chodziwika kuti anthu akonze pokhala. Foni inajambula zonsezo mokhulupirika, ndipo kanambala ka Osborne kanali pa ntchito yake, kutsika mothamanga monga anakaphunzitsira.

Bokosi linanyamulidwa. Chithunzi chinayamba kugwedezeka, fumbi, miyendo ya anthu, njira ya kumanda. Osborne anaimirira, n'kuyandikira TV. Mitengo ya kumanda itayamba kuonekera, nkhope ya Deliwe inadzaza chithunzi chonse, thukuta ndi misozi zili chuchuchu.

"Achimwene," ananong'ona, "moto watha, yatsala 4. Ikazima yokha sitiyankhulananso lero. Ndiizimitse, ndisunge kotsalaka, madzulo ndikuimbireni ndikufotokozereni zonse bwinobwino."

"Usazimitse!" anakuwa Osborne. "Deliwe! Moto ulimo wambiri! Nambalayo ndi yabodza, ndinaipanga ndine!"

Deliwe anangoona pakamwa pa mchimwene wake pakutseguka ndi kutsekeka, nkhope itakwinyika. Anaganiza kuti ndi kulira.

"Limbani mtima, achimwene," anatero. TV inada.

Anayesa kuimbanso, foni yozima. Anayesa ya msuweni, ya mlamu, zinangolira m'matumba, pakuti kumanda munthu wolongosoka sayankha foni. Osborne anakhala pansi pa kapeti pakati pa azimayi, malo amene sanakhalepo chibwerereni ku England. Nyumba yonse inali itamva zimene anakuwa zija, ndipo anthu amene anadya mpunga wozizira chifukwa cha reserve anangoyang'ana pansi. A Lackson anatsegula pakamwa kuti ayambitse nyimbo, Esnath anawayang'ana kamodzi, anatseka.

Anthu atabalalika, Esnath anamubweretsera tiyi n'kukhala pambali pake.

"Moto unalimo wochuluka bwanji?" anafunsa motsitsa mawu.

Osborne sanafunike kuwerengera. Batire latsopano, kutentha kwa Balaka, palibe chisanu choliopseza. Kwa nthawi yoyamba pa moyo wake anayankha funso la batire mwachidule.

"Ukanafika mpaka nkhata yomaliza."

Dzuwa litapendeka, Deliwe anaimba monga analonjezera. Anafotokoza zonse mosadumpha: amene anatsikira m'dzenje kukalandira bokosi, nyimbo imene inaimbidwa, mmene abusa anafunsira ngati mwana woyamba ali ndi mawu, anthu n'kudikira pang'ono, kenako adzukulu n'kuyamba kukwirira. Ananena za nkhata ya Osborne, kuti iye mwini ndiye anakaiika pamanda m'malo mwake. Anayankhula nthawi yaitali, analira, anapuma, anayambiranso. Osborne ankangoti "eya, eya," diso lili pa wotchi ya pakhoma, akuona mphindi zikudutsa, iliyonse yokwanira kutsanzika bambo ake.

Pomaliza Deliwe anasiya kulira, mawu ake n'kumveka odabwa.

"Koma achimwene, foni yanuyi ndi ina. Tayankhula chonsechi, mukudziwa kuti ikadali pa 4 pomwe paja? Anthu kuno akuti sanaonepo. Manja anuwo Mulungu awadalitse."

Osborne anayang'ana manja akewo.

"Zikomo, mlongo wanga," anatero.