Zipatso zakuda za pampanda wa dimba

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anali ndi zaka ziwili pamene tinachoka kwathu ku Petauke kukakhala kwa amuna anga ku Ndake. Tsiku lina m'mawa ndikuthilila lepu kudimba, ndinacheuka n'kumuona atakhala pansi pa mpanda, milomo ili bii, manja ofiila ngati wadzicheka.

Nditamupisa chala m'kamwa munatuluka tinjele. Pampandapo panayanga chitsamba chaminga chimene ndinali ndisanachionepo, tizipatso takuda tili mbwee. Kwathu ng'ombe ya amalume inafa itadya chitsamba china, nachonso cha tizipatso takuda.

Amai a dimba loyandikana anati, "Musavutike, mbalame zimadya."

Ndinayang'ananso tizipatsoto. Chopha ng'ombe chija mbalame zinkadyanso.

Ndinathyola nthambi ya masamba ndi zipatso zomwe, n'kubeleka mwana kubwelela kunyumba. Amuna anga anali atapita ku Nyimba ndi njinga, kiliniki kutali. Pakhomo panali apongozi aamuna okha, akusema mpini. Chikwatiwile ndinali ndisanalankhule nawo, tikakumana panjila ndinkapatukila kutchile. Ndinaima kuseli kwa nkhokwe, ndikumvetsela mpweya wa mwana kumsana. Kenaka ndinayenda chogwada, n'kuika nthambi patsogolo pao, nkhope ndayang'ana kumbali.

Anayang'ana nthambi, nayang'ana milomo ya mdzukulu wao. Analankhula ndi mwanayo, ngati ine palibe.

"Mkazi wanga, ukudya wekha osandigawila? Uwauze amai ako atembenuze tsamba."

Ndinatembenuza. Kunsi kunali koyela.

"Apukute nthambi ndi chala."

Chala chinatuwa ngati ndakhudza ufa.

"Tsopano azule chipatso chimodzi. Chasiya dzenje pakati ngati kachipewa? Ndicho chimenecho. Si cha kuno, ndinayamba kuchiona ndikugwila nchito kumafamu, mbalame n'zimene zikuchimwaza. Chimene amai ako akuopa masamba ake amanunkha, ngokhakhala, ndipo chipatso chake n'chobulungila, cha njele yolimba."

Ndinafikisa tsamba n'kununkhiza kawili. Silinanunkhe. Iwo anapulula zipatso zotsala n'kuponya m'kamwa, akutafuna pang'onopang'ono kuti ndimve.

Ndinaomba m'manja n'kubwelela chogwada. Komabe masana onse sindinamutsitse mwana pamiyendo. Ndinkagwila chipumi, ndinkagwila mimba, kwinaku ndikusuzumila ngati apongozi akali kusema. Dzuwa litapendeka mwana anadzuka kutulo, n'kuyamba kundikoka chitenje kuloza njila ya kudimba.