Dokotala Wosafunsa Zambiri

Nditamaliza maphunziro a zamaganizo a ana, ndinkaphunzira ntchito pachipatala cha ana mumzinda wa Indianapolis, kutsidya kwa nyanja. Tsiku lina kunabwera mayi ena akwathu okhala mumzinda wa South Bend ndi mwana wawo wodwala khansa. Pabaji ya pachifuwa panga panali dzina la mwamuna wanga, mzungu, ndiye sanadziwe kuti ndine wakwathu.

Ndisanafunse kanthu, anamunong'oneza mwanayo m'Chichewa: "Usanene zoti umaopa kufa. Zam'nyumba sitiuza alendo."

Ndinamva zonse. Koma mayiwo anali aakulu kwa ine, ndipo ndi sukulu yonseyo, ndinaopa kuwatsutsa. Ndinangofunsa m'Chingerezi ngati akugona bwino. Mwanayo anayang'ana pansi n'kuvomera.

Potuluka mayiwo anamuuza kuti, "Dokotalayu ngwabwino, safunsa zambiri."

Sanabwerenso.