Zimene a Ndapile Amaona Pansi pa Tsitsi

Nthawi inali itangopitirira 10 koloko m'mawa, Loweruka, ndipo anti Ndapile anali atamasula kale theka la mutu wa Misozi. Fulati yawo ya ku Govanhill, mumzinda wa Glasgow, ili pamwamba penipeni, ndipo tsiku loluka amakokera mpando pawindo chifukwa dzuwa la mu Novembala kuno limangosuzumira n'kubwerera. Anagawa tsitsi ndi nsonga ya chipeso kuseri kwa khutu, zala zawo n'kuima.

Panali dazi lofiira, kukula kwake ngati pansi pa kapu, nkhanambo isanaume. Tsitsi limenelo silinathothoke lokha ayi. Linachita kuzulidwa.

"Iwe, apa chachitika n'chiyani?"

Misozi anaseka, nati anagunda chitseko cha kabati kuntchito. A Ndapile anati kabati imeneyo iyenera kuti ili ndi zala, poti ankaona pamene zikhadabo zinadutsa. Misozi sanasekenso.

A Ndapile kwawo ndi ku Ntcheu, ndipo ali ndi zaka 52. Kuluka anaphunzira pakhonde la mayi awo aang'ono ku Ndirande, pamitu ya ana a sukulu. Ku Glasgow anabwera mu 2008. Masiku anayi pa sabata amasambitsa ndi kudyetsa okalamba ku Partick, Loweruka amaluka. Ndi akazi ochepa a ku Malawi kuno amene sanakhalepo pampando wawo. Onse amadziwa kuti polankhula nawo uzikhala kudzanja lamanja, poti khutu lamanzere silimva. Anthu amati ndi kuzizira kwa kuno.

Si kuzizira. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri a Ndapile ankakhala ndi mkazi mnzawo amene ankamukonda. Kwa anthu ankati ndi msuweni wawo. Msuweni ameneyo ndi amene anawakankhira pachitsulo chotenthetsa nyumba, khutu n'kutseka mpaka lero. A Ndapile anachoka ndi zovala za m'jumbo, osauza munthu.

Akanauza ndani? Mwamuna akamenya mkazi, pali kopita. Pali ankhoswe, pali abusa, pali amayi a mvano. Koma akazi awiri okondana alibe nkhoswe, poti banja lawo palibe amene analivomereza, ngakhale kulitchula kumene. Kuti ukadandaule uyambe waulula, ndipo ukaulula mlandu umasanduka wako.

Ndiye a Ndapile anadzipatsa okha unkhoswe umenewo. Amadziwa atsikana angapo otere, ndipo awiri akangoyamba kukhala limodzi, aliyense amamulangiza payekha ali pampando, mutu atauweramitsa. Pasipoti yako uzisunga wekha. Kiyi ukhale ndi wako. Mnzako akayamba kukuwerengera mauthenga a pafoni ndi kukusankhira ocheza nawo, usadikire mbama, ubwere tikambirane. Ena amamva. Ena amati anti akalamba, sadziwa chikondi.

Misozi anali m'gulu la onena kuti anti akalamba. Ankakhala ndi Kate, namwino, woimba kwaya amene akatsogolera nyimbo amayi amatseka maso. Kutchalitchi awiriwa ankadziwika kuti ndi pachisuweni. Tsiku limenelo, chipeso chili m'mutu, Misozi anaulula zonse. Kate anayamba ndi kumudikirira pageti pa ntchito, anthu n'kumati koma msuweni wachikondi. Kenako foni, kenako manja. Ndipo mufoni ya Kate munali zithunzi za awiriwo, zimene ankati akadzangomusiya adzazitumiza kwa mayi a Misozi ku Mchinji.

A Ndapile analuka mozungulira balalo, osakoka, n'kuliphimba ndi mizere ya pamwamba. Anamuuza kuti lamulo la kuno silifunsa ngati wokumenyayo ndi mwamuna kapena mkazi, komanso kuti pali bungwe lothandiza amayi ozunzidwa limene silingamuseke.

"Anti, apolisi akabwera, Lamlungu ndikalowa bwanji m'tchalitchi? Nanga amayi, ndi bipi yawo ija?"

A Ndapile anangomulembera nambala ya bungwelo pakapepala n'kumuuza kuti akaike mu nsapato.

Patatha masabata atatu, Lachiwiri masana, a Ndapile potuluka kuntchito anamupeza Misozi pamalo okwerera basi, mlomo wotupa, alibe ndi jekete lomwe. Kunyumba kwawo sakanapita naye, poti Kate ankakudziwa. Anaganiza za mayi Dorica a ku Gorbals, mayi wamasiye, mtsogoleri wa mvano, munthu wamtima wabwino amene anali ndi chipinda chogona alendo. M'basi Misozi anawagwira dzanja n'kuwachonderera kuti asatchule Kate, asatchulenso chimene iwo awiri ali. A Ndapile analonjeza.

Choncho kwa mayi Dorica anangonena kuti pali munthu akumuzunza mwanayu, asatsegulire wina aliyense. Mayi Dorica anamanga chitenje mwamphamvu n'kunena kuti mwamuna amene angayerekeze kuponda pakhomo pawo adzamuthira madzi otentha. A Ndapile analimva liwu lakuti mwamuna, analimva bwinobwino ndi khutu lawo limodzilo, koma sanawakonze.

Misozi anagona masiku awiri ngati munthu wochokera ku maliro. Anagwirizana ndi a Ndapile kuti Lachisanu apita limodzi ku bungwe lija. Koma Lachinayi Kate anaimbira amayi a mvano mmodzimmodzi, akulira, kuti msuweni wake wasowa ndipo wasiya mankhwala ake a mphumu. Wina anamva chisoni n'kumuuza kuti Misozi ali kwa mayi Dorica. Masana omwewo Kate anagogoda ku Gorbals, atavala chitenje cha mpingo, mankhwala ali m'manja.

Mayi Dorica anasuzumira, anaona mwana wa kwaya, anatsegula ndi chimwemwe. Anaphika tiyi. Anawakhazika awiriwo pampando umodzi, anapemphera, n'kuwauza kuti mwamuna amabwera n'kupita koma chibale ndi fupa, sichiola. Kate anavomera kuti ameni, n'kuika foni yake patebulo, pafupi ndi kapu ya Misozi. Misozi anaiyang'ana foniyo. Kenako anaimirira, anathokoza mayi Dorica chifukwa cha malo, n'kutsatira Kate.

A Ndapile uthengawo unawapeza ali panthawi yopuma kuntchito.

"Musadandaulenso, asisi," anatero mayi Dorica. "Mwana uja abale ake abwera kudzamutenga."

A Ndapile anakhala ndi foni pakhutu mpaka mbali inayo anadula. Kenako anabwerera kukadyetsa agogo ena phala, poti nthawi inali itakwana.

Kuchokera tsiku limenelo nambala ya Misozi sipezeka. Lamlungu Misozi amabwera kutchalitchi, amakhala pambali pa Kate, amatuluka naye limodzi. Amavala wigi. Kate anauza amayi a kutchalitchi kuti anamumeta msuweni wake mpala kuti tsitsi lipume, amayi n'kuyamikira kuti ndi nzeru. Pampando wa pawindo paja Misozi sadzakhalaponso, ndipo zimene zili pansi pa wigiyo palibe angazione. Pakhomo pa tchalitchi Kate amapinda mawondo pang'ono n'kunena kuti mwadzuka bwanji anti, ataima mbali ya kumanja kuti amveke bwino.

A Ndapile anaimbira ku bungwe kuja. Anawalandira bwino, anati khomo ndi lotsegula tsiku lililonse Misozi akafuna, ndipo pakakhala zoopsa aimbire apolisi. Koma zoopsazo iwo angazimve bwanji, akukhala misewu inayi kuchokera kumeneko? Mayi Dorica sawaimba mlandu. Amati mayiwo analondera khomo monga anauzidwira, wolakwa ndi amene sanawauze kuti mdani amavala chitenje. Koma akanawauza, akanakhala kuti achita okha chimene Kate ankaopseza kuchita. Nkhani imeneyi amaitembenuza uku ndi uku, ndipo mbali zonse imawabaya. Zala nazo zayamba kutupa ndi nyamakazi. Amati mwina atsala ndi zaka ziwiri zoluka, ndipo akadzasiya sadziwa amene azidzayang'ana m'mitu ya atsikanawa.

Zonsezi anandiuza mu Januwale, ndili pampando womwewo, mwana wanga Chiyanjano akuyamwa. Anati aka kanali koyamba kuulula chinsinsi cha munthu, ndipo anandiuza chifukwa ine ndimakhala pansi pa fulati ya Kate ndi Misozi. Phokoso ndinkalimva ndithu. Ndinkauza bambo a mwana kuti asuweni aja amakonda kusuntha mipando. Mayina ndasintha monga anandiuzira.

Atamaliza mzere womaliza sanandipatse galasi. Anandigwira mapewa.

"Amake Chiyanjano, ine kumeneko sindingafike, ndipo khutu ndili nalo limodzi. Inu muli nawo awiri. Mukamva mipando ikusuntha, musakweze wailesi. Mukwere masitepe, mugogode, mupemphe mchere, ndipo musachoke mpaka Misozi atabwera yekha pakhomo mumuone nkhope. Akakana kutsegula, muimbire apolisi, munene kuti ndi nkhanza za m'banja. Musanene kuti asuweni ayambana. Chonde, munene kuti m'banja."