Maola Awiri mu Lilongwe, Tambala M'khwapa

Ndiyambe ndi kuulula, poti msinkhu ndafikawu si wosunganso zinthu m'mimba. Mayi a kunyumba kwanga ndinawakwatira ndi bodza. Anzanga ankanamiza atsikana kuti ali ndi ng'ombe kapena njinga. Ine bodza langa linali la Lilongwe.

Sukulu ndinalekeza Sitandade 4. Ena amati inandikana, ine ndimati tinangosiyana mwamtendere. Nditaleka ndinapeza ganyu yokweza mabelo a fodya pa esiteti ina kufupi ndi Kamwendo, ndipo tsiku lina anatikweza pa lole kuti tikatsitse mabelowo ku okushoni. Kunali kamvula kowaza, ndiye anatifunditsa tenti pamodzi ndi fodyayo. Tauni yonse ndinaionera pa kabowo ka tentiyo kongokwana chala: matayala a galimoto, miyendo ya anthu, mpanda wa waya, basi. Tinatsitsa katundu n'kubwerera tsiku lomwelo, titafundanso.

Koma pofika kumudzi kabowo kaja kanatambasuka. Ndinkauza aliyense kuti Lilongwe ndimaidziwa khwalala lililonse. Mtsikana wina wa kutsidya kwa dambo, amene ankaimba kwaya, ndiye ankamvetsera koposa onse, ndipo ndinamulonjeza kuti akandilola ndidzapita naye akaone yekha. Anandilola. Zaka zinadutsa, ana anabadwa, ana anakwatira, lonjezo lili pomwe ndinalisiya. Akandikumbutsa ndinkati tikolole kaye, tikakolola ndinkati tidzale kaye. Mchinji ndi Lilongwe si kutali, ena amapita m'mawa n'kubwera masana, koma mayiwo anafika pomera imvi malire awo ali Boma ndi kuchipata cha ku Zambia kumene ankagula zitenje.

Kenako maso awo anayamba kuchita chifunga. Kuchipatala cha pa Boma anawayeza n'kutiuza chilungamo, kuti iyi si ng'ala yoti n'kupala, ndi matenda a m'kati mwa diso, ndipo mankhwala odonthezera angochedwetsa mdimawo koma sangaubweze.  Titafika pakhomo mayi anakhala pakhonde, namasula mpango, n'kunena osandiyang'ana:

"Bambo, Lilongwe ija mundionetse maso akadalipo."

Panalibenso za kukolola kapena kudzala. Ndinangoti, "Lolemba."

Ulendo wake unali wa tsiku limodzi. Kogona m'tauni tinalibe, komanso mtedza unali pa mulu kumunda, mbuzi za anthu zikuuzungulira. Tinapangana kuti tilawire, tikayende tsiku lonse, dzuwa likamapendeka tikhale tili m'minibasi.

Cholakwa chinachitika Lamulungu. Kwathu munthu sachoka pamudzi chamseri ngati wakuba, amatsanzika. Ndiye mayi anaimirira m'tchalitchi pa nthawi ya zolengeza n'kupempha mapemphero a ulendo. Mpingo unapemphera, inde. Koma pofika madzulo pakhomo pathu panali ngati pamsika wa Kamwendo. Aliyense amene anali ndi mwana m'tauni anabwera ndi kakatundu. Uyu thumba la mtedza, uyu ufa woyera, uyu mbatata, uyu nyemba zomanga m'chitenje. Mkulu wampingo wathu, munthu wolemekezeka amene sungamukanire, anabwera ndi tambala wamoyo, wofiira, atam'manga miyendo ndi luzi.

"Mukampatse mwana wanga wamtali uja," anatero. "Amalondera pa sitolo ya mmwenye."

"Sitolo yake iti, akulu?"

"Aaa, inu mumaidziwa tauni. Mukangofunsa pa depoti, akakulozerani. Ndi wamtali."

Mayi wina anati mwana wake amakhala pafupi ndi mtengo wa mango, nyumba yamalata. Wina anati wake amapemphera mpingo wathu womwewu, ndiye sangasowe. Ine ndinkangogwedeza mutu. Ndikanati sindingawapeze, akanati nanga suja mumati mumadziwa khwalala lililonse? Ndinalandira zonse. Katundu anakwana matumba asanu ndi awiri, tambala wachisanu ndi chitatu.

M'mawa mwake kondakitala atationa pa siteji anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Madala, mwakangana ndi ndani kumudzi? Mukusamuka?"

"Tikupita kukacheza," ndinatero.

"Ocheza nawowo muwaphikira nokha?"

Matumba anawakankhira pansi pa mipando, ena kumbuyo, tambala ndinam'fungatira ine. Minibasi ija inaima paliponse pamene panali munthu woimirira, ngakhale amene amangodikira mnzake. Pa Namitete tinakhala nthawi yaitali kudikira kuti idzaze. Mayi anali pawindo, chipumi chili pagalasi, akundifunsa dzina la malo alionse. Amene sindinkawadziwa ndinkawapatsa dzina langa. Tinalowa mu depoti dzuwa lili pafupi kufika pamutu.

Anatitsitsira katundu pansi, minibasi n'kuchoka. Abale anga, phokoso lake! Oitanira akukuwa mayina a malo, mahutala, mawilibala, wina akulalikira, wina akugulitsa mankhwala a makoswe. Ine ndinaima pakati pa matumba asanu ndi awiri ndi tambala m'khwapa, osadziwa ngakhale kumene kuli kum'mawa.

"Tiyambire kuti?" anafunsa mayi.

"Tipereke kaye katundu wa anthu," ndinatero, kuti ndipeze mpata woganiza.

Ndinawasiya atakhala pa thumba la mtedza, ine n'kuyamba kufunsa. Ndinkayamba bwinobwino monga tinaleredwera, moni, mwadzuka bwanji, kunyumba ali bwanji, koma ndisanafike pa funso munthu anali atapita kale. Mmodzi amene anaima ndinamufunsa za mlonda wamtali wa ku Mchinji.

"Wamtali bwanji, madala?"

Ndinakweza dzanja kuonetsa.

"Ameneyo ndamuona," anatero, "ali ndi miyendo iwiri eti?" Anzake anafa nacho chiseko.

Za nyumba yamalata ya pafupi ndi mango sindinayerekeze n'komwe kufunsa. Ndinazungulira depoti ija kanayi. Ndikabwerera ndinkapeza mayi ali pomwe paja, maso ali pa khoma la chimbudzi cholipira ndi kumbuyo kwa basi yowonongeka. Ndiyo Lilongwe imene anali ataona kufikira nthawi imeneyo, ndipo mthunzi unali utayamba kutembenuka. Ulendo wachinayi anandigwira malaya.

"Khalani pansi, bambo."

Ndinakhala pa thumba la mbatata.

"Tauni ino mumaidziwa?"

Ndinayang'ana tambala, tambala anandiyang'ana. Ndinati, "Yasintha kwambiri."

"Sindinafunse zimenezo."

Pamenepo ndinafotokoza zonse, za lole, za tenti, za kabowo. Ndinkayembekezera kuti alira kapena andilalatira pagulu. Iwo anangopukuta maso ndi nsonga ya chitenje, poti mankhwala aja ankawatulutsa misozi nthawi zonse, n'kunena kuti:

"Ndiye kuti tonse ndife alendo. Chabwino. Koma ine sindinabwere kudzalondera mbatata za eni. Dzuwa likupita."

Amene anatipulumutsa ndi mayi wina wogulitsa nthochi pafupi pomwepo, amene anakhala akutimvetsera nthawi yonseyi osabisa n'komwe.

"Inu ndinu a ku Mchinji," anatero.

"Mwadziwa bwanji?"

"Matumba a ufa a ku Zambia amenewa amanyamula ndani? Ine kwathu n'konko. Siyani katunduyu apa ndikuonerani, pitani mukayende. Koma nkhukuyo ayi, indidyera nthochi. Mutsike ndi msewu uwu, muwoloke mlatho, mukafika pa maloboti mwafika. Folo koloko isanakwane mukhale mutabwera, mukachedwa mukagona pa benchi."

Tinatsala ndi maola awiri. Tinanyamuka, mayi atandigwira mkono wamanja, tambala ali kumanzere. Chikwatirane sitinayendepo chogwirana pagulu, kwathu akanati tapenga, koma kumeneko panalibe wotidziwa, ndipo iwo pansi sankapaona bwino.

Pa mlatho anaima. Anagwira chitsulo n'kusuzumira pansi, kumene anthu ankachapa zovala za kaunjika n'kuziyanika pamiyala ndi pa udzu, zofiira, zachikasu, zobiriwira, mtunda wonse wa mtsinje. Zinthu zazing'ono sankaziona, koma mitundu yowala ankaiona.

"Zovala zonsezi n'za mudzi umodzi?"

"N'zogulitsa," ndinatero. Chimenechi ndinanena zoona, ndipo ndinadzimva kupepuka.

"Mtsinje wake ndi womwewu? Bua amauposa."

Pa maloboti ndiye tinachedwapo. Anaona magalimoto onse aima okha popanda wapolisi, kenako n'kunyamuka okha. Anati tidikire aonenso. Tinadikira. Anati tiwoloke. Titawoloka anati tibwerere, aone ngati angatiimirenso. Anatiimira. Tinawoloka msewu umodzi womwewo kasanu, mpaka wogulitsa nyuzipepala wa pakona anafunsa ngati tataya chinthu.

"Tikuyesa ngati akugwira ntchito," ndinamuyankha. "Tatumidwa."

Mayi ananditsina, koma ankaseka, kuseka kuja kotseka pakamwa ndi dzanja kumene ankaseka ali mtsikana wa kwaya.

Tinafika pa nyumba ina yosanjikizana. Anabwerera m'mbuyo, nadzutsa mutu, n'kuyamba kuwerenga ndi chala. Anapeza nsanjika zinayi, yachisanu anati ikusungunuka ndi kuwala. Anafunsa kuti okhala pamwambawo nkhuni amakweza bwanji, ndipo ndinati sindikudziwa. Tsiku limenelo mawu akuti sindikudziwa ndinawanena kambiri kuposa moyo wanga wonse.

Sitolo yaikulu ya pansi pake mlonda anatikaniza kulowa chifukwa cha tambala. Ndinamuyang'ana bwino mlondayo, anali wamfupi, ndiye sanali wathu uja. Tinangoima panja. Khoma lonse la kutsogolo linali galasi, kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo dzuwa linali kumbuyo kwathu. Mayi anasendera pafupi kuti aone za m'kati, kenako anaima chilili.

"Bambo, awo ndife?"

Tinali ife. Kunyumba tinali ndi kagalasi kometera ndevu koonetsa tsaya limodzi, ndipo chithunzi cha awiri sitinajambulitsepo. Aka kanali koyamba kudziona tonse, thupi lonse, titaima pamodzi. Nkhalamba ya jekete lalikulu mapewa ndi nkhuku m'khwapa, ndi mayi wa chitenje chabuluu atam'gwira mkono. Anakonza mpango. Anandikonza kolala. Anayang'ana nthawi yaitali, akusendera uku ndi uku kufuna mbali imene diso linkaonabe.

"Kani ndinu wamfupi chonchi," anatero.

"Ndi galasi la m'tauni, limachepetsa."

"Ine bwanji silinandichepetse?"

Tinakhala pamenepo mpaka mlonda anayamba kutsokomola. Pobwerera ndinawagulira chipisi cha pa chiwaya, tinadya chili m'kapepala titatsamira chitsulo cha mlatho, zotsala anatola tambala. Tinapeza katundu yense ali bwinobwino, tinamusiyira mayi wa nthochi uja mtedza wathu umene tinatenga wokazinga, n'kukwezanso matumba asanu ndi awiri aja. Mwatsoka kondakitala anali yemwe uja.

"Madala! Akukanani?"

Tsiku lotsatira tinayenda khomo ndi khomo kubweza katundu. Ena anakwiya, ena anati sitinafunse bwino. Mkulu wampingo analandira tambala wake mwaulemu, koma anakhala milungu iwiri akundipatsa moni wa dzanja lokha. Za tenti zija mayi sanauze munthu. Amayi anzawo akafunsa ngati ndinkaidziwadi tauni, ankangoti, "Anandifikitsa ndipo anandibweza."

Mphunzitsi wina wochokera kumwera, amene ankachita lendi pafupi nafe, anatiseka. Anati maola awiri si kuona mzinda, sitinafike kumene kuli maofesi a boma, sitinaone nyumba zenizeni zazitali, tinangodzivutitsa. Mwina ankanena zoona, iye ndi wophunzira. Koma patadutsa nyengo ziwiri za mvula maso a mayi anatsekeka, ndipo zaka zimene anakhala mumdima ankakhala pakhonde akusenda mtedza ndi manja okha, akusimba za maola awiri amenewo. Nyumba ija inkakula chaka ndi chaka, pomwalira n'kuti ili ndi nsanjika khumi ndi ziwiri. Ndikati ndikonze ankati, "Inu khalani chete, munaonera pa kabowo." Alendo sankamva tanthauzo lake, ife awiri tinkaseka.

Chaka china, mayi ali mumdima womwewo, mdzukulu wathu wamkazi anapeza ntchito ya unamwino ku Lilongwe komweko, napeza ndi nyumba. Anabwera kudzawatenga agogo ake kuti akakhale mlungu wathunthu, akadye bwino, akapume. Ine ndinati pitani, mwayi suwu. Iwo anakana.

"Ndikapita pano ndikangomva mahutala ndi fungo la utsi," anatero. "Zikandifufutira zimene ndinaona. Ine ndikatseka maso, ndikatsegula, n'chimodzimodzi, ndimaona zovala zija pamiyala, ndi agogo akowa ali m'galasi ndi nkhuku ya eni. Ndisiyeni nazo."

Mdzukuluyo anayang'ana kwa ine kuti ndimuthandize kuwanyengerera. Sindinamuthandize. Ndinangokoka lichero, n'kukhala pansi pambali pawo, tinapitiriza kusenda.